Mmene Ndinaphunzirira Kunamiza Apongozi

Miyezi isanu ndi itatu yotsatizana ndinatsuka mbale za Amalawi anzanga mu holo ina ya tchalitchi ku Barking, ndipo sindinatsuke chifukwa cha mtima wabwino ayi. Ndinatsuka chifukwa ndinkakhala womaliza pa masewera a poka.

Masewerawa tinawayamba nthawi ya mliri ija, boma litatitsekera m'nyumba, titatopa nako kufunsana pa foni kuti mwadzuka bwanji. Mliri unatha koma ife sitinasiye. Tinalipo anthu asanu ndi awiri, wina ku Barking, wina ku Croydon, ine ku Thamesmead, aliyense pa mpando wake ndi foni yake. Lamulungu lililonse folo koloko masana tinkatsegula tebulo lathu pa intaneti, n'kuyimbiranso foni ya gulu kuti tizimvana mawu tikamanyozana. Ndalama zenizeni panalibe. Aliyense ankapatsidwa mulu wa ndalama zabodza za pa foni pomwepo, ndipo amene watsalira pansi pakutha pa mwezi ndiye ankatsuka mbale tikakumana ku holo. Amene sanaonepo mathireyi a mpunga ndi nkhuku atadyedwa ndi Amalawi makumi asanu angaganize kuti chilangochi n'chaching'ono.

Kwa amene sanasewerepo, poka si yovuta kuimva. Aliyense amalandira makhadi awiri obisika, ena asanu amayalidwa pakati pang'onopang'ono, ndipo ikafika nthawi yako uli ndi njira zitatu. Ukhoza kutaya makhadi ako n'kukhala phee, ukhoza kutsatira ndalama zimene mnzako waponya, kapena ukhoza kukweza kuti thukuta lituluke kwa iyeyo. Ndiye palinso bodza, lomwe pa masewera amenewa n'lololedwa ndipo amaliwombera m'manja: umakweza mwaukali uli ndi makhadi achabechabe, mnzako n'kuchita mantha, n'kutaya abwino ake.

Chimene chinatiletsa kuseweretsa ndalama zenizeni anali apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga. Iwo ndi mkulu wa mpingo, ndipo asanalowe m'gulumo anafunsa kawiri ngati munali njuga. Atatsimikiza kuti mulibe, anati ngati ndi choncho ameneyu ndi bawo wa azungu chabe, alowa nawo.

Apongoziwa anabwera ku London kalekale, nthawi imene kwathu munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu amodzi amene wayankhula m'basi. Anali mphunzitsi wa masamu, anathawa ndi sutikesi imodzi, n'kukhazikika ku Croydon komwe mkazi wanga anabadwira. Mkazi wangayo Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo bambo ake amawatsutsa maso ndi maso ngati akutsutsa mnzake wa kusukulu. Ine ndinakulira ku Mchinji. Ndisanakwatire, amalume anga anandiyimbira foni n'kundilangiza kwa ola lathunthu, mayunitsi mpaka kutha: apongozi suwayang'ana m'maso, suwatsutsa, suwadula mawu, ndipo ukakumana nawo pa njira yopapatiza umapatuka ndiwe. Ndinasunga zonsezi mosaphonya. Zaka khumi ndi chimodzi nkhani zathu ndi apongozi zinali ziwiri basi, nyengo ndi mabasi. Iwo ankati, akamwini, kwazizira. Ine n'kuti, kwaziziradi bambo. Tsiku lina ananena kuti kwazizira dzuwa likuswa mtengo, ine n'kuvomera.

Apongozi aakazi atamwalira, bambowa anazima. Ankangokhala pa zenera kuyang'ana anthu opita kokakwera tiramu, tiyi n'kuwazizirira m'manja. Mkazi wanga ndiye anawayikira masewerawa pa foni, atayesa zina zonse n'kulephera. Anawaphunzitsa tsiku limodzi lokha. Sabata yachitatu munthu wamkulu anali akutilanda milu yathu kwinaku akuyimba nyimbo ya m'buku chapansipansi, ndipo Loweruka ankameta ndevu pokonzekera masewera amene palibe akanawaona nkhope. Tonse tinakondwera, makamaka mkazi wanga, amene anasiya kulira m'bafa.

Ine kuluza kwanga kunayambira pomwepo, koma sindinalumikize zinthu ziwirizi.

Miyezi iwiri yoyamba ndinkati ndi tsoka chabe, paja tsoka silinunkha. Mwezi wachitatu ndinayamba kufunafuna mfiti. Woyamba kumuganizira anali intaneti ya m'nyumba mwathu. Ndinayimbira kampani, ndinakalipira mtsikana wosalakwa mpaka anandilonjeza kabokosi katsopano, kabokosiko kanabwera, ndipo Lamulungu lotsatira ndinaluzanso, kungoti mofulumirirapo. Kenako ndinaganizira mpando. Ndinachoka pa sofa n'kupita kukhitchini, ndinachoka kukhitchini n'kupita pa khonde la fulati yathu, kumene mphepo ya kumtsinje imalowa mpaka m'mafupa. Kumeneko ndinatolako chimfine, ndipo sabata imeneyo ndinaluza ndikuyetsemula.

Mnzathu wina m'gulumo, wa ku Zambia, woyendetsa basi, munthu woseka ngati injini yakale, anandipatsa malangizo ake. "Boyi, iwe problem yako uganiza maningi," anatero. "Tyanka chabe button, osaganiza." Ndinayesa kumangodina osaganiza. Mwezi umenewo ndinatha msanga moti ndinapeza nthawi yochapa ndi kusita malaya a sabata yonse anzanga akadasewera.

Pamenepo ndinati basi, ine ndi munthu wophunzira, ndinabwera kuno ndi sukulu, masewera a makhadi sangandidyere masuku pamutu. Ku Thamesmead munthu amakalambira m'basi, ndiye nthawi ndinali nayo yambiri. M'mawa uliwonse popita ku ntchito ndinkakhala pamwamba, mpando wakutsogolo, n'kumaonera mavidiyo a akatswiri, anthu ovala magalasi akuda m'nyumba. Anandiphunzitsa kuti si makhadi onse oyenera kulowa nawo, kuti wosewera pomaliza ali pabwino chifukwa waona zochita za anzake, kuti kuluza kotsatizana kumagwera aliyense ndipo mankhwala ake ndi kudekha. Anatinso ukapsa mtima imirira, kamwe madzi, kenako ubwerere. Ine mtima wanga uli pafupi, sindibisa. Mwezi umenewo ndinamwa madzi ambiri moti magemu ena ndinaluza ndili kuchimbudzi.

Chodabwitsa n'chakuti maphunzirowo anagwira. Nthawi ya nkhomaliro ku ntchito ndinkalowa pa matebulo a anthu osawadziwa, a ndalama zabodza zomwezo, ndipo kumeneko ndinali chilombo. Ndinkanamiza anthu a mayiko amene sindidzapitako, mopanda ndi chisoni chomwe. Panali wina amene chithunzi chake chinali galu wovala chipewa, ameneyo ndinamulanda kangapo mpaka akandiona ankanyamuka pa tebulo. Koma Lamulungu likafika, folo koloko ikakwana, chilombo chija chinkasanduka nkhosa. Ku holo amayi anandigulira epuloni yangayanga. Mayi wina amene anali atangobwera kumene ku London anandiyamikira kuti ndimatsuka bwino, n'kundifunsa ngati ndimalolanso maukwati.

Zinandiwawa, ndinene zoona. Ndinkaseka nawo koma m'basi pobwerera kuseka kunkatha, manja akununkha sopo, mkazi wanga akuyang'ana pa zenera kubisa kumwetulira.

Lamulungu lina mkazi wangayo anakoka mpando n'kukhala pafupi nane, ati aone ndi maso ake mfiti imene ndinkainenayo. Anakhala chete ola lathunthu, zomwe kwa iye ndi kusala kudya. Kenako anandiuza zimene anaona, m'Chingerezi chake chija chosazungulira. Anati gemu ikakhala ya ine ndi anthu ena, ndimasewera bwino, ndimakweza, ndimanama, ndimaseka. Koma bambo ake akangoponya ndalama, ndimatsitsa mwendo pa tebulo, ndimakhala tsonga, ndimavula kapusi, kenako ndimataya makhadi. Anati wawerenga kasanu ndi kawiri, ndipo kawiri konse makhadi anga anali oti n'kupha nawo munthu.

Ndinakana. Ndinati kapusiyo inkandithina. Anandifunsa kuti nanga imandithina bwanji bambo ake okha akaponya.

Titakangana pang'ono ndinavomera, koma ndinavomera mwaukali, ngati wolakwa ndi iye. Ndinamufunsa ngati akudziwa tanthauzo la kukweza pamene apongozi aponya. Munthu wamkulu wanena kuti zana, iwe mkamwini n'kudzuka kuti ayi, mazana atatu? Kumeneko si kutsutsa? Nanga bodza? Ine, mwana wa mayi anga, ndinamize bambo amene anandipatsa mwana wawo, ndiwalande mulu wawo pamaso pa anthu, wa ku Zambia akuseka? Ndinamuuza kuti iye zimenezi sangazimve chifukwa anakulira kuno, kumene mwana amauza bambo ake kuti mwalakwitsa kwinaku akutafuna. Iye anangoti bambo ake sanapemphe kuti aziwapatsa, ndipo akadzadziwa sadzakondwa. Ndinati adziwa bwanji, poti makhadi otayidwa saoneka?

Pa appu ya masewerawa pali kabatani kakang'ono, pafupi ndi kotayira, kamene munthu amadina akafuna kuonetsa anzake makhadi amene wataya. Kameneka ndi ka anthu odzitama. Ine ndinali ndisanakagwirepo.

Patapita masabata awiri ndinalandira maeyisi awiri. Pa poka palibe makhadi oyambira oposa amenewo, munthu ukhoza kusewera mwezi osawaona. Ndinakweza, anthu anayi anataya, wa ku Zambia anatukwana n'kutaya, ndipo anatsala ndani? Apongozi. Makhadi atatu oyamba atayalidwa pakati, eyisi yachitatu inali pomwepo ikundiyang'ana. Apongozi anayimba kanyimbo kawo, n'kuponya tindalama tochepa, tongoyesera madzi. Ndinapeza kapusi ili kale m'manja. Ndinapuma, ndinapepesa makhadi anga mumtima, n'kudina kuti nditaye. Chala changa n'chachikulu, ndipo foniyo inali ndi mafuta a chipisi. Chinatsetsereka.

Maeyisi anga awiri anagadama pakati pa tebulo, anthu asanu ndi awiri akuona.

Wa ku Zambia anaphulika pa foni ya gulu, anaseka mpaka kutsokomola, akuti m'moyo mwake sanaonepo munthu akuthawa ali ndi mfuti. Ena anayamba kuseka nawo. Kanyimbo kaja kanali katasiya.

"Akamwini," anatero apongozi, mawu ali pansi. "Makhadi amenewa ndi anu?"

"Ndi anga, bambo."

"Mwataya mwangozi?"

Apa ndiye panafunika bodza, bodza laling'ono lopulumutsa, loti chala chaterereka. Chinaterereka ndithu, koma osati pa kutayako. Ndinati ayi bambo, sizinali mwangozi.

"Chabwino," anatero. Chithunzi chawo chinazimiririka pa tebulo, mpando n'kutsala wopanda munthu.

Lamulungu lotsatira sanabwere. Linzake sanabwerenso. Mkazi wanga anapita ku Croydon n'kubwerako maso ali ofiira. Anati wawapeza pa zenera, ndevu zosameta, foni ili mu dirowa ya masipuni. Atawafunsa za masewera anangoti zinthu za ana zimenezo. Sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka kwambiri, chifukwa kukalipira ndimadziwa kuyankha kwake. Usiku umenewo ndinamumvanso akutsegula mpopi m'bafa nthawi yaitali, monga ankachitira mayi ake atangomwalira. Ndinadziwa kuti chinthu chimodzi chimene chinadzutsa munthu wamkulu uja ndachithyola ine, ndi ulemu wangawo.

Kwathu mkamwini akalakwira apongozi sapita chimanjamanja, amagwira nkhuku. Loweruka m'mawa ndinalowa m'shopu ya nyama n'kusankha nkhuku yaikulu, yolimba ija yophika maola atatu, youma ndi ayezi ngati mwala. Kuchoka ku Thamesmead kupita ku Croydon ndi ulendo woti munthu atsanzike: basi, sitima, sitima ina, kenako tiramu. Nkhukuyo inayamba kusungunuka tili pakati, ndipo pofika ku tiramu inali ikudontha pa nsapato za mayi wina amene anandiyang'ana ngati ndanyamula mutu wa munthu. Njira yonse ndinkaloweza mawu opepesera. Ndinawakonza bwino, ndi mwambi womwe pakati.

Anatsegula chitseko atavala juzi ya malemu akazi awo, yofiirira, manja ake ofupika. Anayang'ana ine, anayang'ana jumbo yodonthayo, n'kundiuza kuti ndiyike mu sinki isanawononge kapeti. Ndinayika. Tinalowa pa balaza, iwo n'kukhala pa tebulo lodyera. Ine ndinanjuta pambali pa mpando, maso pansi, n'kuyamba mawu anga aja. Sindinafike ndi pa mwambi pomwe.

"Khalani pa mpando, akamwini. Maondo amenewo mudzawafuna."

Ndinakhala, cham'mphepete.

Anayankhula nthawi yaitali, kuposa mawu onse amene anandiyankhulapo pa zaka khumi ndi chimodzi. Anati chimwalirireni akazi awo, aliyense wakhala akuwagwira ngati dzira. Dokotala amawayankhula pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana wa mkaka. Ku tchalitchi anawachotsa pa kuwerenga mawu, ati apumule, pamene iwo sananene kuti atopa. Mwana wawo, mkazi wangayo, amawadulira nyama pa mbale osawafunsa. Akanena chinthu cholakwika palibe amawatsutsa, anthu amangoti eya, eya, n'kuyang'anana. Anati nthawi zina amanena dala zabodza kuti aone ngati alipo wowakonza, ndipo palibe. Ndinakumbukira tsiku la dzuwa lija, ndinachita manyazi mpaka m'makutu.

Anati chimene amaopa si imfa. Mkulu wawo kumudzi anafa mutu utachoka kale, osadziwa ndi ana ake omwe, ndipo iwo usiku amadziyesa masamu kuti aone ngati zayamba. Ndiye masewera aja atabwera, n'kuyamba kupambana, anati Mulungu ngwabwino, mutu udakalipo. Lamulungu lililonse akapambana ankakhala ndi umboni wa sabata imodzi.

"Tsopano sindikudziwa," anatero. "Pa zonse zija, zanga zinali ziti, ndipo zimene munandipatsa ndi ziti? Mwina onse asanu ndi mmodzi mumandipatsa."

Ndinalumbira kuti ena aja sakanawapatsa ngakhale madzi akumwa, makamaka wa ku Zambia. Wopusa ndinali ine ndekha. Ndinawauza za amalume ndi malangizo awo. Anamvetsera, n'kunena kuti amalume angawo anandilangiza bwino, kungoti anaiwala kundiuza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anati iwonso anali mkamwini, amazidziwa, koma apongozi awo pa bawo ankawadya mpaka kuwasiya ndi maenje opanda kanthu, ndipo mkuluyo ankawakonda chifukwa cha chomwecho.

Kenako anadzuka, anatsegula dirowa ya masipuni, n'kutulutsa foni. M'nyumba ya mkulu wa mpingo makhadi enieni mulibe, ndiye anandiuza kuti nditsegule tebulo la anthu awiri pa appu yomweyo. Tinakhala moyang'anizana pa tebulo lodyera, pakati pali botolo la mchere, aliyense atagwira foni yake ngati anthu okwiyirana m'sitima. Anandipatsa lamulo limodzi: ndisewere monga ndimasewerera ndi anthu osawadziwa. Akangoona kuti ndawapatsa, nditenge nkhuku yanga ndizipita.

Magemu oyamba ndinasewera ngati munthu woyenda pa ulalo wa mtengo umodzi. Koyamba kukweza pamene iwo aponya, ndinapezeka ndanena kuti pepani. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sindinabwerezenso. Pang'ono ndi pang'ono chilombo cha nthawi ya nkhomaliro chija chinayamba kudzuka. Ndinawalanda kamulu, anandilanda kamulu, ndinawalandanso kokulirapo. Kanyimbo sikanabwere, koma anakokera mpando pafupi ndi tebulo.

Ndiye ndinalandira seveni ndi thuu, makhadi amene akatswiri onse a magalasi akuda amati ukawaona taya usanawapatse moni. Ndinalowa nawo. Makhadi a pakati anabwera akuluakulu, king'i, kwini, jeki, ndipo palibe ndi limodzi lomwe limene linkandidziwa. Apongozi anaponya, ine ndinakweza. Anatsatira. Khadi lachinayi linabwera, ndinakwezanso, anatsatiranso, mochedwerapo. Lachisanu litagwa ndinalibe kalikonse, ngakhale awiri ofanana. Panatsala njira ziwiri, kutaya kapena kunama bodza lalikulu. Ndinakankha mulu wanga wonse pakati. Ndipo poti bodza la theka siligwira, ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana apongozi anga m'maso, koyamba chikwatirireni. Maso awo ndi ofiirira pang'ono, ndipo lakumanzere ndi laling'ono kuposa linzake. Zaka zonsezi sindinkadziwa.

Anandiyang'ana nawonso. Kanthawi ka pa foni kanayamba kutha, kakulira pang'onopang'ono. Mu sinki nkhuku inkadontha. Anayang'ana makhadi a pakati, milomo ikuyenda ngati akuwerengera ana a sukulu, anayang'ananso ine. Ndinagwira nkhope, ndinapemphera kuti ataye, ndipo ndinapempheradi ndi mtima wonse, chifukwa panthawi imeneyo ndinkafuna kuwalanda basi, za upongozi ndinali nditaiwala.

Kutatsala pang'ono kuti nthawi ithe, anadina kutsatira.

Makhadi anagadama. Iwo anali ndi mafolo awiri, tinthu tating'ono tomwe khadi lililonse la pakatipo likanatha kutigonjetsa ndikanakhala ndi linzake m'manja. Ine ndinali ndi seveni ndi thuu wanga, ali mbulanda. Mulu wanga wonse unatsetserekera kwa iwo, foni n'kulira kachisangalalo kake kaja.

Anayandikitsa foni ku magalasi, n'kuyang'ana makhadi anga nthawi yaitali.

"Munalibe kanthu."

"Ndinalibe, bambo."

"Ndiye mwandinamiza. M'nyumba mwanga, mukundiyang'ana m'maso."

"Eya, bambo."

Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anati king'i ndikanakhala nayo ndikanakweza mochepa pa khadi lachinayi kuti ndiwakoke, chifukwa ndi mmene ndinachitira kawiri konse m'mbuyomo, gemu yachitatu ndi yachisanu ndi chiwiri. Anatchula makhadi a magemu awiriwo limodzi ndi limodzi, osaphonya, ine amene ndinali nawo nditawaiwala kale. Atamaliza kutchula anaoneka ngati akumvetsera zimene iwo eni angonena kumene.

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi m'mphepete mwa juzi ija. Anapukuta nthawi yaitali, magalasi oyera kale. Ine ndinabweza maso pa botolo la mchere, ulendo uno osati chifukwa cha amalume.

"Udakalipo," anatero, osati kwa ine kwenikweni.

Anavala magalasi, anamina, n'kugogoda tebulo ndi chala pafupi ndi foni yanga.

"Gawaninso, akamwini."